Kodi Tiwonjezere Galu Wachiwiri Pakhomo?

Gawo: Ziweto ndi chitetezo cha pakhomo
Nthawi: Maola awiri
Zobweretsa: Khadi la katemera la galu wanu ngati lilipo, kope, cholembera ndi kapu yoyezera ufa kapena gaga

ZOLINGA ZA PHUNZIRO

Pakutha pa phunziroli mudzatha:
1. kuunika mmene mukusamalira galu amene muli naye kale;
2. kuwerengera chakudya, ndalama ndi nthawi zimene galu wina adzafune;
3. kugwirizana chimodzi ndi banja lanu: kutenga, kudikira kapena kusiya.

MAWU OYAMBA

Ambiri a ife kuno ku Sunnyside ndi madera oyandikana nawo monga Manase ndi Nancholi tili ndi dimba la ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, khola la nkhuku kapena akalulu, ndi kamunda ka chimanga. Usiku zonsezi timazisiya m'manja mwa galu. Nkhuku zikabedwa nyengo ya Khirisimasi, kapena chimanga chachiwisi chikathyoledwa mu Febuluwale, ganizo loyamba limakhala lakuti galu mmodzi sakukwanira. Nthawi zina ndi ana amene amaumirira, ataona tiagalu tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Nthawi zina ndi mnansi amene galu wake waswa, ndipo akukupatsani kamodzi kwaulere.

Kumbukirani kuti galu si nkhuku yanyama imene mumagulitsa pakatha masabata asanu ndi limodzi. Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo zaka zonsezo amadya, amadwala, amafuna katemera. Choncho funso lalero liyankhidwe ndi galu amene ali kale pakhomo panu. Mmene mukumusungira ameneyo ndi mmenenso mudzasungire wachiwiri.

GAWO 1: YAMBANI MWAUNIKA GALU WOYAMBA

Monga timachitira pounika mbewu m'munda wathu wophunzirira, tiyambe ndi kuona ndi maso. Lembani "inde" kapena "ayi" pa funso lililonse.

a. Kodi galu wanu anabayidwa katemera wa chiwewe m'miyezi 12 yapitayi, ndipo khadi lake mungalionetse?
b. Kodi amadya tsiku lililonse chakudya chomukonzera iyeyo, osati kudikira makombo okha?
c. Mukamusisita m'mbali, kodi nthiti zimamveka m'manja koma osaonekera patali?
d. Kodi anamwa mankhwala a njoka zam'mimba m'miyezi itatu yapitayi?
e. Kodi m'makutu ndi pakati pa zala zake mulibe nkhupakupa, ndipo khungu lake lilibe mphere?
f. Kodi amakhala mkati mwa mpanda usana ndi usiku, popanda kumangidwa pa tcheni tsiku lonse?
g. Kodi amabwera mukamuitana, ndipo amazisiya nkhuku zanu?
h. Kodi anafulidwa, kapena anatsekedwa kuti asabereke ngati ndi wamkazi?

Ngati mwalemba "ayi" pa funso a, b kapena f, imani kaye. Konzani zimenezi musanaganize za galu wina. Ngati "ayi" wachuluka kuposa kawiri, ndalama imene mukanagulira galu wachiwiri ipite kwa woyambayo.

GAWO 2: MUKUMUFUNIRANJI?

Tchulani vuto lenileni, kenako muone ngati galu wina ndiye yankho lake.

Umbava. Ntchito yaikulu ya galu ndi kuuwa kuti anthu adzuke. Pa puloti yaikulu, pamene khola lili kutali ndi nyumba, agalu awiri angathandizedi. Koma ngati mpanda uli ndi chiboo, geti silitsekeka bwino, kapena khola lilibe loko, akuba adzalowabe. Dziwaninso kuti nyama yothira poizoni monga temiki imapha agalu awiri mofanana ndi mmodzi, ndipo galu wanjala ndiye amathamangira kutola chilichonse choponyedwa. Nthawi zambiri loko wolimba, getsi lowunikira kukhola ndi kumvana ndi anansi zimateteza kuposa kamwa lina lofuna kudyetsa.

Galu woyamba wakalamba. Ichi ndi chifukwa chomveka. Kagalu kamatenga pafupifupi chaka kuti kakhale mlonda wodalirika, ndipo kamaphunzira malire a pakhomo potsatira wamkulu. Musadikire mpaka wamkuluyo atafookeratu, chifukwa galu wodwala kapena womva kuwawa sapirira kagalu kosewera.

Galu woyamba akulira kapena akuwononga zinthu. Funsani kaye ngati akumasulidwa ndi kuyendetsedwa mokwanira. Galu watsopano amatengera khalidwe la amene wamupeza. Ngati woyambayo amadya mazira kapena amatuluka pansi pa mpanda, posachedwa mudzakhala ndi awiri ochita zomwezo.

Ana akufuna. Ana angathandize kupereka madzi ndi kusewera naye, koma udindo ndi wa akuluakulu. Ana adzapita kusukulu yogonera komweko, galu adzatsala ndi inu.

GAWO 3: TIWERENGERE

Mitengo imasintha, choncho gwiritsani ntchito ya sabata ino, ya kumsika wa Blantyre, wa Limbe kapena kumene mumagula. Lembani m'kope mtengo wa chinthu chilichonse pa chaka, kwa galu mmodzi:

Ufa kapena gaga wophikira galu: K__________
Ndiwo zake monga bonya, usipa, soya wophika kapena zotsala za kubutchala: K__________
Katemera wa matenda ena kupatula chiwewe: K__________
Mankhwala a njoka zam'mimba, kanayi pa chaka: K__________
Mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri: K__________
Ndalama yapadera yoti akadwala mupite naye kwa dotolo wa ziweto: K__________
Zogula kamodzi: kanyumba kake, mbale ziwiri, lamba wa m'khosi ndi chingwe, kufula kapena kutseka: K__________

Nsima kapena phala la gaga lokha silikwanira. Galu amafuna chakudya chomanga thupi tsiku lililonse, ndipo kagalu kamadya katatu kapena kanayi pa tsiku. Mukaphatikiza zonse, yerekezani ndi chinthu chimene mukuchidziwa bwino: ndalamayi ingagule matumba angati a chakudya cha nkhuku, kapena feteleza wochuluka bwanji? Kenako ganizirani miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene chimanga chimakwera mtengo ndipo gaga amasowa kuchigayo. Gaga yemweyo akumufunanso nkhuku zanu. Ngati chakudya cha agalu awiri chidzachoke m'mbale ya ana kapena m'khola lobweretsa ndalama, yankho mwalipeza.

Ngati mumachita lendi, kapena mumakhala pa puloti ya abwana anu, pemphani chilolezo kwa eni malo galuyo asanafike. Funsaninso amene amatsala pakhomo masana, popeza ntchito yophika ndi yowola zonyansa imagwera iyeyo.

GAWO 4: CHIWEWE, NKHANI YA MZINDA WATHU

Galu aliyense wowonjezera pakhomo amakhudza moyo wa ana a m'dera lonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibe mankhwala ochiza.

Mu 2012, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth anadziwitsa dziko kuti chiwerengero cha ana obwera ndi chiwewe chikukwera. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi Dipatimenti ya Zaumoyo ndi Chitukuko cha Ziweto, khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi bungwe losamalira zinyama la BSPCA, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda uno m'masiku 20 ogwira ntchito. Katemerayu anali waulere, ndipo ntchitoyi inapitirira m'zaka zotsatira.

Akatswiri amati chiwewe chimasiya kufalikira ngati agalu 70 pa 100 aliwonse m'dera abayidwa, ndipo izi zichitike chaka ndi chaka. Chifukwa chobwerezera n'chakuti agalu obayidwa amafa, ndipo tiagalu tatsopano tosabayidwa timalowa m'malo mwawo. Kagalu kogula pamsewu, kapena kochokera kumudzi kumene katemera sanafike, kangakhale ndi chiwewe ngakhale kakuoneka kathanzi, popeza matendawa amabisala m'thupi masabata kapena miyezi. Ndipo amene amakanyamula ndi kusewera nako ndi ana.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu:
1. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapake mankhwala azitsamba kapena kumanga balalo.
2. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lili laling'ono.
3. Dziwitsani alangizi a ziweto. Ngati galuyo angatsekeredwe popanda kuika munthu pangozi, atsekeredwe kuti amuyang'anire kwa masiku 10.
4. Malizani majakisoni onse amene achipatala akuuzani.

GAWO 5: GALU WACHIWIRI NDI ULIMI WANU

Agalu awiri amalimbitsana mtima. Galu amene payekha sankalabadira nkhuku angayambe kuzithamangitsa akapeza mnzake. Onetsetsani kuti khola la nkhuku ndi la akalulu ndi lolimba, ndipo tchingirani dimba kuti asakumbe mabedi.

Musadyetse agalu nkhuku kapena nkhumba zofa zokha. Galu amakoka nyama yotere kupita nayo kwa anansi, ndipo motero angafalitse chitopa kapena chigodola. Kwirirani mozama kapena tenthani. Zam'kati za mbuzi ndi ng'ombe muziphika kaye, chifukwa zaziwisi zimapatsa galu njoka zam'mimba zimene mazira ake amabwerera kwa ziweto ndi kwa anthu. Pa chifukwa chomwechi, zonyansa za galu zisalowe mu kompositi kapena m'dimba la masamba. Zikwirireni padera tsiku lililonse. Mafupa a nkhuku ophika musawapatse, amathetheka ndi kubaya m'matumbo.

Ngati mukhale ndi wamkazi ndi wamphongo osatseka, werengani bwino. Galu wamkazi angayambe kutenga bere ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, amafuna mphongo pafupifupi kawiri pa chaka, ndipo bere limatha masiku pafupifupi 63. Pakatha chaka, agalu awiri angakhale khumi. Tiagalu tosowa otisunga ndi timene timasanduka agalu oyendayenda pa zinyalala ndi m'misika.

GAWO 6: NGATI MWAGANIZA ZOTENGA

Posankha:
- Tengani kwa munthu amene mungaone make wa kagaluko ndi khadi lake la katemera, kapena funsani ku BSPCA.
- Kagalu kasachoke kwa make kasanakwane masabata asanu ndi atatu.
- Wamphongo ndi wamkazi, onse ofulidwa kapena otsekedwa, ndi amene kawirikawiri amamvana. Aakazi awiri kapena amphongo awiri a msinkhu umodzi amakonda kumenyana.
- Ngati pakhomo panu panafa kagalu kotsegula m'mimba zamagazi ndi kusanza, funsani kaye dotolo wa ziweto. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Akafika:
- Pitani naye kwa dotolo kapena mlangizi wa ziweto sabata yoyamba kuti akuuzeni ndondomeko ya katemera ndi mankhwala a njoka. Pa nthawi ya katemera wa chiwewe wa m'dera, tengani agalu onse, ndi tiagalu tomwe.
- Musungeni payekha masabata awiri oyamba, mukumuyang'anira.
- Akumane koyamba kunja kwa geti, aliyense ali pa chingwe ndi munthu wake. Yendani nawo limodzi, kenako mulowe nawo.
- Aliyense akhale ndi mbale yake ndi pogona pake. Adyere motalikirana, ndipo wamkulu ayambe kupatsidwa.
- Akamenyana musalowetse manja pakati. Athireni madzi kapena alekanitseni ndi thabwa.
- Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi agalu, makamaka pamene akudya.

NTCHITO YA M'MAGULU (mphindi 30)

Khalani m'magulu a anthu asanu. Kambiranani mabanja atatu ongoyerekeza awa, ndipo gulu lililonse linene ngati banjalo litenge, lidikire kapena lisiye, ndi zifukwa zake.

1. Banja lili ndi puloti ya mpanda wa njerwa ndi nkhuku zamazira 100. Galu wawo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anafulidwa, ndipo amabayidwa chaka chilichonse.
2. Banja lachita lendi pa malo opanda mpanda. Galu wawo wamkazi amamangidwa masana ndi kumasulidwa usiku, ndipo khadi lake silikupezeka. Mnansi akuwapatsa kamphongo kwaulere.
3. Banja labedwa nkhuku kawiri mwezi uno. Khola lili kumapeto kwa puloti, pafupi ndi mpanda wa udzu wothyoka.

KAFUKUFUKU WA KUNYUMBA

Sabata ino, yezani ndi kapu chakudya chonse chimene galu wanu akudya tsiku lililonse ndi kulemba mtengo wake. Kenako, kwa mwezi wathunthu, muziika padera ndalama yofanana ndi imeneyo ngati kuti galu wachiwiri wafika kale. Mukakwanitsa popanda kukongola kapena kuchepetsa chakudya cha banja ndi cha ziweto, ndalamayo ikhale ya katemera ndi kanyumba ka galu watsopano. Mukalephera, igwiritseni ntchito pokonza mpanda kapena pogula loko wa khola.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

- Galu woyamba akhale wobayidwa, wokhuta ndi wokhala mumpanda musanatenge wina.
- Werengerani ndi mitengo ya nthawi ya njala, osati ya nthawi yokolola.
- Galu aliyense abayidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndipo khadi lisungidwe.
- Fulani kapena tsekani ngati simukufuna tiagalu.
- Kunena kuti "tidikire kaye" ndi chiganizo chabwinonso.

Pa mkumano wotsatira, bwerani ndi kope lanu la kafukufuku ndi khadi la katemera, kuti tidzalembe mndandanda wa agalu a mamembala onse ndi kuona amene akufunika kubayidwa.