Dalaivala Nayenso Ayenera Kupuma

Ife okhala m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira pa Benga kwa Mwadzama mpaka pa boma la Nkhotakota, timaona malole akudutsa usana ndi usiku atanyamula mpunga, feteleza ndi katundu wa m'magolosale. Madalaivala ena amauzidwa kupitiriza ulendo nthawi yoweruka itakwana, kapena kubwera kuntchito pa tsiku lawo lopuma, ndipo amaopa kukana kuti angachotsedwe ntchito.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa maola a ntchito ya masiku onse kupitirira 48 pa mlungu, ndipo wogwira masiku 6 otsatizana ayenera kupuma maola 24. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ngati ola ndi theka. Pa tsiku lopuma kapena la tchuthi malipiro amawirikiza kawiri. Lamulo lina la 1996 limapatsa ogwira ntchito ufulu wolowa m'bungwe lowayankhulira, ndipo akaponderezedwa angathe kukadandaula ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti loona za ntchito.

Pa Deuteronomo 5:14 mpumulo wa Sabata ukuperekedwa kwa wantchito mofanana ndi bwana wake. Ndalama ya ovataimu sichotsa tulo, ndipo dalaivala wosinza amaika pangozi ana asukulu ndi okwera njinga m'mbali mwa msewu.

Funso lokambirana: ife a mpingo tikaitanitsa katundu Lachisanu madzulo n'kukakamiza kuti afike Loweruka m'mawa, kodi dalaivalayo tamupatsa mpumulo umene ifeyo tikusangalala nawo?