Mphemvu ya m'zitosi ndi maso a nkhuku

Nkhuku ikayamba kutuluka misozi n'kumakanda diso ndi chikhadabo, eni ake ambiri amathamangira kuidontheza madzi amchere. Mulu wa zitosi uli kuseri kwa khola sauyang'ana n'komwe, chonsecho matenda akhoza kukhala akuchokera pomwepo.

M'zitosi zachinyontho ndi m'dothi lofewa mumakumba mphemvu imene ambiri saidziwa, Pycnoscelus surinamensis. Si ija yoyenda m'mbale ayi. Iyi ndi ya mapiko ofiirira, chakumutu kwakuda, yotalika pafupifupi masentimita 2, ndipo imatuluka usiku kudya mizu ndi masamba anthete. Katswiri wa zamoyo Linnaeus anaipatsa dzina la dziko la Suriname mu 1758, koma kwawo ndi ku Asia, chigawo cha India ndi Malaysia. Inafika m'madera otentha a Africa, America, Australia ndi Hawaii itabisala m'dothi la mbande ndi maluwa. Imaswana popanda yaimuna, choncho imodzi yokha ikwanira kudzaza mulu wonse.

Mphemvuyi ndiyo imasunga nyongolotsi ya m'maso mwa nkhuku, Oxyspirura mansoni, yoyera ndi yowonda ngati ulusi. Mazira a nyongolotsiyi amatsika ndi misozi, nkhuku n'kuwameza, n'kutuluka ndi zitosi. Mphemvu ikadya zitosizo, tiana timakulira m'thupi mwake. Nkhuku ikajompha mphemvuyo, timakwera kudzera kukhosi ndi m'mphuno mpaka m'diso. Ndiye munthu akatsuka diso lero, mawa nkhuku n'kubwerera kukapalasa pamulu womwewo, wachiza chiyani?

Manyowa ndi chuma, palibe mlangizi angatsutse, makamaka mmene feteleza wadulira. Cholakwa n'kuwaunjika pakhomo pa khola, pamthunzi, pomwe madzi otsukira mbale amatayidwa. Ena amati makolo ankatero. Ena amadikira kuti mulu ukule kaye kuti adzatute kamodzi, ndipo pofika dzinja umakhala utanyowa mpaka pansi. Enanso amapopera mankhwala m'khitchini, kupha mphemvu zosakhudzidwa ndi nkhaniyi, yolakwayo ili phee pansi pa nthaka.

Zitosi zizichotsedwa mlungu uliwonse, ziyanikidwe padzuwa, zikaikidwe kudzenje lakutali kumene nkhuku sizifika. Matabwa owola ndi masaka akale zichoke pafupi ndi khola.

Si diso lotupa lililonse lili ndi nyongolotsi. Chimfine cha nkhuku chimatupitsanso maso, ndipo zikamafa zambiri nthawi imodzi n'kutheka ndi chitopa. Pamenepo mlangizi wa ziweto aitanidwe tsiku lomwelo.