Mwana wokana masamba, agogo odandaula, ndi ulendo wa ku nyanja

Muulutsi: Ino ndi pulogalamu yathu ya zakudya ndi thanzi. Ndili ndi amayi athu, katswiri wa kadyedwe koyenera, ndipo makalata achuluka, tingoyamba. Yoyambayi yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga wa zaka zitatu akangoona masamba m'mbale amayamba kulira. Iye n'tchipisi, jigisi ndi tiyi basi. Kunyengerera ndanyengerera, kamkwapulo ndayesa, zakanika. Nditani?"

Katswiri: Mayi, kamkwapuloko kaikeni pansi kaye. Mwana wodya bonongwe misozi ili mbwembwembwe amakula akudana naye bonongweyo. Komanso dziwani kuti si wanu yekha. Ana ambiri akafika zaka ziwiri amayamba kukayikira chakudya chachilendo, ndipo poti sakukulanso mothamanga monga ali khanda, njala nayo imachepa.

Koma ndikufunseni: kuchokera m'mawa kufika pa nkhomaliro, mwanayu amakhala atadya chiyani? Kamimba kake n'kakang'ono, pafupifupi ngati kachibakera kake komweko. Akadya jigisi cha m'ma 11 koloko, n'kutsirapo kapu ya tiyi wa shuga wambiri, nsima ikalowa pati? Tiyiyo ali ndi vuto linanso: amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'zakudya, yemwe amathandiza kupanga magazi. Ndiye pakati pa chakudya mpatseni madzi ndi chipatso, nthochi kapena kachidutswa ka papaya, osati pamene mphika uli pamoto. Abwere pamkeka ali ndi njala.

Tsono ntchito muzigawana. Inu ndinu osankha chophika ndi nthawi yodyera, iye asankhe kuchuluka kwa chomwe adye. Muikireni masamba ochepa kwambiri, kasupuni kamodzi, pambali pa chakudya chimene amachikonda kale. Akakana musakalipe, musachondererenso, ingochotsani. Mawa muikireninso. Ana ena amafunika kuchiona chakudya kakhumi, ena kuposa apo, asanavomere kulawa. Ambirife timagwa ulesi kachitatu n'kuyamba kuuza aneba kuti "wangayu sadya masamba", mwana ali pomwepo akumva. Basi, walandira dzina.

Muulutsi: Nanga kaphikidwe, amayi? Ena a ife tinakula ndi masamba ophika mpaka kuda.

Katswiri: Pamenepo ndiye pali nkhani. Nkhwani wowira ola lathunthu, wothira soda wambiri, amataya mavitamini, kukoma nakonso kumathawa. Phikani kanthawi kochepa, akadali obiriwira, mutendere ndi nsinjiro kapena muthire timafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Yesaninso futali wa mbatata yofiira m'kati ija, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere. Imatsekemera yokha, ana sakana kawirikawiri. M'phala la mgaiwa mungathe kuthiramo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga kapena usipa wosinja bwinobwino. Kubisa zakudya m'phala n'kothandiza, koma ine sindikhutira nako pakokha. Mwana aziwaonanso masambawo ndi maso, aone inu ndi bambo ake mukudya. Bambo akamakankhira chisoso kumbali n'kumafunsa nyama, musadabwe mwana akatengera.

Muulutsi: Abambo mwamva. Kalata yachiwiri yachokera kwa agogo ena a ku Mponela. Akuti: "M'nthawi yathu ana ankadyera mbale imodzi ndipo panalibe wosankha. Mpongozi wanga amampatsa mdzukulu wanga kambale kakekake, akuti anamuuza ku sikelo. Kodi uku si kumlera mwana mosasatitsa?"

Katswiri: Agogo, zikomo potilembera, ndipo mbali ina mukunena zoona. Mwana amadya bwino akakhala pakati pa anzake. Chimene amakana kwa amake amakadya kwa aneba chifukwa waona anzake akunyambita zala. Koma mpongozi wanu sanalakwitse. M'mbale ya onse, wamng'ono amatsalira. Iye akamatema mbamu yachiwiri, akuluakulu atha kale ndiwo, iye n'kutsala ndi msuzi. Ndipo palibe amene angadziwe kuti wadya zochuluka bwanji. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira. Si kuti onsewo ankagona ndi njala ayi. Ambiri mimba inkadzaza, koma ndi nsima kapena phala loyera tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Ndiye mdzukuluyo akhale nanu pamkeka womwewo, koma ndi kambale kake. Nkhuku zikaikira, dzira limodzi likhale lake.

Ndiwonjezere ichi kwa onse. Kusankha zakudya n'kosiyana ndi kudwala. Mwana akamatsika pa sikelo, akatupa mapazi, tsitsi likamasanduka lofiirira ndi lopyapyala, kapena akangokhala chete osasewera, musadikire pulogalamu yathu. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Muulutsi: Yomaliza yachokera kwa bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti pa Khirisimasi akufuna kupita ndi banja ku Mangochi, kudzera ku Ntcheu ndi ku Liwonde. Akufunsa kuti: "Ndingawadyetse chiyani ana panjira kuti asangokhalira zakumwa zotsekemera ndi mabisiketi?"

Katswiri: Bambo, njira mwasankhayo ndi yodzaza ndi zakudya. Mukafika pa Lizulu imani, mutsike nawo anawo. Msika umene uja uli m'malire enieni, tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ndipo karoti, kabichi, tomato ndi mbatatesi zimangoti mbwee m'mbali mwa msewu. Mpatseni mwana aliyense kandalama asankhe yekha chogula. Karoti amene mwana wasankha yekha, n'kunenerera yekha mtengo, amam'dya. Disembala ndi nyengonso ya mango, ndipo mukachita mwayi masuku mudzawapeza.

Ku nyanjako aliyense amathamangira chambo. N'chokoma, sindikana, koma chinasowa ndipo chinakwera mtengo, komanso kumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Musanyoze usipa. Popeza timadya ndi minga yomwe, umapatsa mwana kashiamu wolimbitsa mafupa kuposa mnofu wa nsomba yaikulu. Mukagula chambo, mwana wamng'ono m'chotsereni minga ndi zala zanu, pang'onopang'ono, musam'patse chibenthu chonse.

Chimene ndikuopa ine ndi madzi. Imeneyo ndi nyengo ya mvula, ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nyamulani madzi owiritsa kapena othira Waterguard, a kumwa ndi otsukira zipatso, komanso sopo. Chakudya cha panjira mugule chimene chikuchoka pamoto muli pomwepo, chili chotentha. Saladi wa pachiwaya ndi mafirizi osadziwika kumene apangidwira, zimenezo ana asakhudze. Kunyumba nyamulani mazira owiritsa ndi mbatata yophika. Mtedza wosasinja musapatse mwana wosakwana zaka zisanu, makamaka galimoto ikuyenda, ungam'tsamwe.

Muulutsi: Nthawi yatithera. Makalata otsalawa, kuphatikizapo ya mayi wa ku Mzuzu yofunsa za kamba wonyamula kusukulu, tidzayamba nawo sabata yamawa.