Chigayo Chachikulu Kuposa Mudzi

John James Audubon anabadwa m'chaka cha 1785 m'dziko limene lero litchedwa Haiti, nakulira ku France. Mu 1803 anaoloka nyanja kunka ku America, kumene anakwatira Lucy Bakewell. Mu 1810 anatsegula sitolo ku Henderson, kamzinda ka m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, m'chigawo cha Kentucky. Malonda anayenda bwino kwa zaka zingapo. Anagula malo, ndipo analinso ndi akapolo, chinthu chimene chidetsa mbiri yake kufikira lero.

Tsono iye ndi mlamu wake anaganiza zomanga chigayo chachikulu choyendera nthunzi, chopera tirigu ndi kucheka matabwa. Chinayamba ntchito mu 1817. Koma anthu a ku Henderson anali ochepa, ndipo zopera zinali zosakwanira chigayo chotero. Makina ankaonongeka kawirikawiri, ngongole zikungokula. Mu 1819, chaka chimene malonda anagwa m'dziko lonselo, Audubon anataya chuma chake chonse, natsekeredwa m'ndende ku Louisville chifukwa cha ngongole.

Potuluka anatsala ndi zovala, mfuti ndi zithunzi za mbalame zimene ankajambula chiyambire unyamata wake. Luso la manja ake okongoza sanathe kulilanda. Anayamba kujambula nkhope za anthu pa malipiro, naphunzitsa ana kujambula ku Cincinnati, ndi ku Natchez pa mtsinje wa Mississippi. Mkazi wake nayenso anagwira ntchito ya uphunzitsi, nadyetsa banja. Ndi ndalama zimene awiriwo anasunga, Audubon anapita ku England mu 1826 kukafuna womsindikizira zithunzi zija. Buku lake, The Birds of America, linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1827 mpaka 1838, lili ndi zithunzi 435. Anamwalira ku New York mu 1851 ali munthu wotchuka.

Munthu wofuna kukongola ndalama kuti agule chigayo kapena kukuza sitolo athange wawerenga mabanja amene adzabwera kwa iye, ndi matumba amene amakolola pa chaka, pakuti ngongole siidikira kuti mudzi ukule. Aphunzitsi nawonso asapeputse mwana wokonda ntchito za manja. Chimene chinapulumutsa banja la Audubon si sitolo kapena chigayo ayi, koma luso limene iye analiphunzira akali mwana, ndi khama la mkazi wake.