Mawaya a Pamano Amasinthanso Nkhope

Mtsikana wina wa zaka 23 ankadana ndi kujambulidwa cham'mbali. Akaluma, mano ake akutsogolo am'mwamba ankaphimbiratu am'munsi, am'munsiwo n'kumabaya nkhama. Chibwano chinkaoneka chachifupi, ndipo pansi pa mlomo wam'munsi panali khwinya lozama. Ataona pa Facebook munthu wina akutsatsa mawaya pamtengo wozizira, anathamangirako. Kumeneko sanamujambule X-ray ngakhale kumuyeza nsagwada. Anangomumata tizitsulo, n'kukoka mano am'mwamba kuti abwerere m'mbuyo.

Patatha miyezi ingapo mano anaphimbana kuposa kale. Mlomo wam'mwamba unalowa m'kati, mphuno n'kumaoneka yaitali. Mano awiri anayamba kugwedera.

Chomwe mtsikanayu sanauzidwe n'chakuti milomo imatsamira pa mano. Mano akasuntha, mlomo umatsatira. Mwa anthu ambiri, mano am'mwamba amaphimba am'munsi ndi mamilimita 2 mpaka 4. Akaphimba mopitirira, dokotala amayamba wafufuza gwero: kodi vuto ndi mano okha, kapena mafupa a nsagwada?

Njira zazikulu zokonzera zilipo ziwiri. Ina ndi kukankhira mano akutsogolo m'fupa pang'onopang'ono, ndipo kutalika kwa nkhope sikusintha kwenikweni. Ina ndi kutalikitsa mano otafunira. Zikatero nsagwada yam'munsi imatsika n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kwa munthu wa nkhope yaifupi zimakongoletsa, chifukwa khwinya lija limachepa. Kwa wa nkhope yaitali kale, nkhope imatalikiratu ndipo chibwano chimaoneka chothawira kukhosi. Njira imene yathandiza mnzanu ikhoza kukuwonongani inu.

Msinkhu nawo ndi nkhani. Mwana amene akukula, nsagwada yake imathandizira ntchitoyi. Wamkulu mafupa anakhwima, ndiye ngati vuto lili m'fupa, mawaya okha sangakankhire chibwano kutsogolo. Pena pamafunika opaleshoni. Komanso kukoka dzino mwamphamvu kumafupikitsa muzu wake, ndipo muzu ukatha sumeranso.

Safunsa anadya phula. Musanatsegule pakamwa, funsani ngati wokuikaniyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Akujambuleni mutu cham'mbali, akufotokozereni mmene milomo ndi chibwano zidzasinthire. Dziwaninso kuti ntchitoyi nthawi zambiri imatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, kenako mumavala chogwirizira mano kuti asabwerere mwakale. Wina akakulonjezani nkhope yatsopano m'miyezi itatu osakuyezani, tulukani ndalama zanu zikadali m'thumba.