Mankhwala Osaola M'madzi

Kuno ku Nguludi ambiri tili ndi zimbudzi zokumba. Ku Limbe ndi ku Blantyre kuli nyumba ndi mafakitale amene madzi ake oipa amapita m'mapaipi a suweji. Mapaipiwo amakathira m'madamu oyeretsera madzi. M'madamumo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya chimbudzi ndi chilichonse chotha kuola. Matope akadikha pansi, madzi amawatsegulira m'mitsinje monga Mudi.

Koma pali gulu la mankhwala, lotchedwa PFAS, limene tizilomboti timalephera kudya. Mankhwalawa amapangidwa m'fakitale polumikiza kaboni ndi fulorini. Mfundo yake ndi yothina kwambiri, moti dzuwa, mvula ngakhale nthaka sizingaimasule. Amapezeka m'mapoto ena osamatirira chakudya, m'majekete ena osalowa mvula, m'mapepala ena okulungira zakudya zamafuta, ndi m'thovu lozimitsira moto. Zinthuzi zikachapidwa kapena kutayidwa kudzala, mankhwalawo amasukuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'madzi.

Akafika padamu la suweji amangodutsa. Ena amatsalira m'matope, ndipo matopewo akathiridwa m'dimba ngati manyowa, mankhwalawo amalowa m'nthaka. Ena amatsika ndi mtsinje. Madzi a mu Mudi amakafika mu Shire, Shire amathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo Zambezi amathira m'nyanja yamchere ya Indian. Nsomba ikamwa madzi okhala ndi PFAS imasunga mankhwalawo m'thupi mwake. Munthu akadya nsombayo, ena mwa mankhwalawo amakhala m'magazi ake kwa zaka.

Nkhaniyi ndi yodetsa nkhawa ndithu. Mu 2023 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linanena kuti mtundu wina wa PFAS, wotchedwa PFOA, umayambitsa khansa. Pangano la mayiko la Stockholm linaika malire pa mtundu winanso wa PFAS, wotchedwa PFOS, mu 2009, kenako linaletsa PFOA mu 2019.

Kuwiritsa madzi kapena kuthira kolorini sikuchotsa PFAS. Komabe tisaleke kuchita zimenezi, chifukwa n'zimene zimatiteteza ku kolera. Zimene zimagwira PFAS ndi masefa apadera, monga a makala okonzedwa ku fakitale, ndipo ndi okwera mtengo. Njira yodalirika ndiyo kuletsa mankhwalawa asanalowe m'mapaipi. Kuno kwathu bungwe la MEPA ndilo lili ndi udindo woyang'anira zoipitsa chilengedwe.

Mafunso

1. Kodi tizilombo ta m'damu la suweji timadya chiyani?
2. N'chifukwa chiyani PFAS amadutsa padamu loyeretsera madzi?
3. Lembani maina a mitsinje itatu yotchulidwa m'phunziroli.