Mikanjo ya pa Misa Inachokera Kuti?

Makalata a omvera a sabata ino onse anali ofunsa za zovala za ansembe, ndipo amene anawayankha pa wailesi ndi bambo mfumu ophunzitsa mbiri ya Mpingo ku seminale.

Mayi wina wa ku Dedza anafunsa ngati atumwi ndiwo anayambitsa mikanjo ya pa Misa.

"Iyayi, mayi," anayankha bambo mfumu. Anati ansembe akale ankavala ngati nzika ina iliyonse yolemekezeka ya ku Roma: mkanjo wautali woyera mkati, pamwamba chofunda chachikulu chokhala ndi bowo lopisapo mutu. Mu 428 Papa Celestine I anachita kulembera maepiskopi a ku Gaul kuwadzudzula chifukwa chovala mosiyana ndi anthu awo. Mitundu ya kumpoto italanda ufumu wa Roma wa kuzambwe, amuna anatengera zovala zazifupi, koma ansembe anakakamira zamakolo. Zovala zija ndizo lero zimatchedwa alba ndi kasula.

Mnyamata wotumikira Misa ku Chipata anafuna kudziwa tanthauzo la chovala chilichonse.

Bambo mfumu anamuuza kuti matanthauzo anadza m'mbuyo, zovala zilipo kale. Mmonke Rabanus Maurus mu 819, ndi Amalarius wa ku Metz zaka zochepa pambuyo pake, analemba mabuku omasulira zimenezi. Alba inayamba kuimira chiyero, lamba kudziletsa, stola (nsalu yaitali yovala m'khosi) goli la Khristu, ndipo kasula chikondi, poti imaphimba zovala zina zonse. Pofika m'zaka za m'ma 1200, nthawi ya Episkopi Durandus wa ku Mende, ena ankaonamo masautso a Yesu: alba nkukhala mkanjo umene Herode anamuveka pomunyoza, lamba nkukhala zingwe zimene anamumanga nazo. Ngakhale kansalu kolendewera pamkono wamanzere, kamene kanayamba ngati kampango kopukutira thukuta, kanasanduka chizindikiro cha misozi ndi ntchito yolemetsa.

Nanga mitundu ya nsalu anasankha ndani? Anafunsa motero agogo ena a ku Angónia.

Poyamba dayosizi iliyonse inali ndi mwambo wake. Innocent III, asanakhale Papa mu 1198, analemba za mitundu inayi ya ku Roma: yoyera pa zikondwerero, yofiira pa Pentekoste ndi pa masiku a amaritiri, yakuda pa maliro ndi nyengo zolapa, yobiriwira masiku wamba. Lamulo lofikira pafupifupi Mpingo wonse wa Chilatini linadza ndi buku la Misa la Papa Pius V mu 1570.

Kalata yomaliza inafunsa za kansalu ka mitanda kamene arkiepiskopi amavala m'mapewa. Bambo mfumu anati ndi paliyamu, yolukidwa ndi ubweya wa nkhosa, chizindikiro cha umodzi ndi Papa. Papa Gregory Wamkulu anaitumiza kwa Augustine wa ku Canterbury mu 601, ndipo ku Roma amadalitsa anaankhosa opereka ubweyawo pa 21 Januwale, tsiku la Agnes Woyera.